Alendo Opanda Fungo

Lachinayi limenelo kunada monga mwa masiku onse. Mvula inagwa masana n'kukata cha m'ma folo, ndipo magetsi anazima anthu asanayambe n'kuphika komwe. A Jameson Dzimbiri anamwa tiyi ndi chinangwa chophika, anatsuka kapu, n'kuikoleka pa msomali wake. Anathira mankhwala m'maso, anapemphera. Kenaka anakhala pa mpando wawo wa pafupi ndi khomo, galu atagona cha kumanja kwawo, n'kumadikira alendo.

Zimene ndikulembazi anandiuza ndi iwo eni, tsiku limene a mpingo tinapita kukatsanzikana nawo. Pamene maso awo sanafike, anafotokoza ndi a Watson, amene amalondera mashopu a pafupi ndi doko. Ine sindinawonjezerepo kanthu.

A Dzimbiri kwawo ndi ku Ntcheu. Boma linawatumiza kuno ku Nkhata Bay akadali mnyamata, kudzagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto, ndipo sanabwererenso. Zaka makumi atatu ndi zisanu anazitha akusambitsa ng'ombe m'dibi ndi kubaya agalu katemera wa chiwewe. Anakwatira mayi Agatha NyaMhone a ku Usisya, namanga nyumba pamtunda, cha kumwamba kwa msewu wopita ku Chikale. Chitonga ankamva ndithu, koma akati ayankhule, ana ankagwa nako kuseka. Choncho pakamwa pa nyumbayo panali NyaMhone. Ndiwo ankapereka moni kwa odutsa, ndiwo ankadziwa kumene kwagwa maliro, ndiwo ankakalipira nkhuku, mvula ndi amuna awo mofanana.

Galu anabwera mwezi umene a Dzimbiri anapuma pa ntchito. NyaMhone anamutola kumsika ali kamwana, n'kubwera naye m'beseni la nsomba.

"Uyu dzina lake ndi Penshoni," anatero. "Inayo muzidikira. Uyu wafika lero."

NyaMhone atamwalira, zaka ziwiri zapitazo, abale awo anatenga thupi pa sitima kukaika ku Usisya. Penshoni anatsatira bokosi mpaka kudoko. Atamukaniza kukwera, anakhala pomwepo masiku anayi, osadya, mpaka a Dzimbiri atabwerako ku maliro. Kuyambira pamenepo nyumba inangoti zii. Odutsa ankati, "Mwatandala uli, ada?" iwo n'kuyankha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka maso anayamba kuzima. Sinali ng'ala yoti madokotala n'kuchotsa ayi. Unali mtsempha wa m'kati umene unkafa pang'onopang'ono. Dziko linayamba kutha kuchokera m'mbali, ndipo kamene kanatsala pakati kankaoneka ngati munthu akuyang'anira pa galasi lopaka sopo.

Ndi pamene alendo anayamba kubwera.

Oyamba anali tianthu tinayi, totalika ngati botolo, tovala kaki ndi zipewa. Tinaguba pa tebulo, n'kutsikira m'mbale ya shuga. Tsiku lina kunabwera ng'ombe zazing'ono ngati amphaka, zikudya pa simenti ya pabalaza ngati pali msipu. Amayi osenza mabeseni ankatuluka m'khoma la kum'mawa n'kukalowa m'khoma la kumadzulo, osacheuka. Chodabwitsa n'chakuti onsewa ankaoneka bwino lomwe, mpaka mabatani a malaya awo, pamene dzanja lawo lenileni a Dzimbiri ankaliona ngati chitsa cha m'chifunga.

Sanauze munthu. Nkhalamba yokhala yokha, yochokera kutali, ikanena kuti imaona tianthu usiku, dzina loti aipatse anthu amakhala nalo kale.

Inawaulula ndi minibasi. Tsiku lina akuchokera kumsika anaona ng'ombe zitadzaza m'mbali mwa msewu. Pozipatukira analowa pakati pa msewu. Minibasi ya ku Mzuzu inaima itagunda kale ndodo yawo. M'mawa mwake mwana wawo mmodzi yekhayo, Marvellous, anafika kuchokera ku Lilongwe kumene amagwira ntchito, nawatengera kuchipatala.

Dokotala wa maso, mayi Olivia, anamvetsera mpaka kumapeto osaseka.

"Alendo anuwo amayankhula?" anafunsa.

"Ayi."

"Mapazi awo amamveka?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ndiye musaope, ada. Simunapenge, ndiponso palibe wakulodzani. Munagwira ntchito m'boma, eti? Diso ndi mesenjala chabe. Limangonyamula makalata kupita nawo kwa bwana. Bwanayo ndi ubongo, ndipo amene amaona ndi iyeyo. Tsopano mesenjala wanu wadwala, makalata sakufika. Bwana uja kungokhala satha. Amatsegula kabati, n'kutulutsa mafayilo akale, n'kumawerenga ngati afika lero."

"Ndiye kuti ng'ombe zija..."

"Ndi zomwe munkasambitsa zija. Zimachitikira anthu ambiri amene maso awo akufa, kungoti amabisa. Zikabwera, phethirani msangamsanga, kapena yendetsani maso uku ndi uku. Nthawi zambiri zimachoka."

A Dzimbiri sanavutike kumva zimenezi, chifukwa ubongo ankaudziwa. Mitu ya agalu oganiziridwa chiwewe ankaidula okha, n'kuitumiza m'madzi oundana kuti akapime ubongo wake. Anaonapo galu wofatsa akuluma mbuye wake, osati chifukwa cha mtima woipa, koma chifukwa kachilombo kafika m'kati mwa chigaza. Ankadziwa kuti kanyama kofewa kali m'menemoko ndi kamene kamauza chamoyo chilichonse kuti uyu ndi mbale, uyu ndi mdani, apa thawa, apa gona.

Koma Marvellous mtima wake sunakhale pansi.

"Adadi, longedzani. Tikupita limodzi."

"Nanga Penshoni?"

"Eni nyumba safuna galu. Mumusiyira munthu."

"Amayi ako anabwera naye m'beseni."

"Adadi, mukanafa dzulo!"

"Ndikanafa chifukwa sindinamutenge iyeyu. Tamvera, Mave. Galu saona ndi maso okha. Dziko lake ndi la mphuno ndi makutu. Zinthu za m'mutu mwangazi zilibe fungo. Kuyambira lero, ndikaona chinthu, ndizimufunsa. Akakhala chete, ndiye kuti palibe."

Anakangana mpaka madzulo. Pomaliza Marvellous analola, koma anasiya mawu ake.

"Ndikangomva kamodzi kokha kuti mwapezeka pomwe simuyenera kupezeka, ndikubwera ndi galimoto. Sitidzakambirananso."

Njirayo inagwira ntchito chaka chathunthu. Mlendo akaoneka, a Dzimbiri ankatsitsa dzanja lamanja pa khosi la Penshoni. Khosi likakhala lofewa, makutu ali pansi, ankadziwa kuti ndi fayilo yakale. Likalimba, ankati, "Lowani," ndipo ankakhaladi munthu. Tsiku lina mkulu wa mpingo, a Gibson, anaima pakhomo atavala suti, akudikira kuti mwini nyumba amalize kupemphera. A Dzimbiri atatsegula maso anati m'mtima, lero ubongo wanditumizira wa tayi. Khosi la galu ndi limene linawapulumutsa ku manyazi. Galuyo sanalakwitsepo. M'kupita kwa nthawi anasiya kuwaopa alendo aja. Ananena okha kuti madzulo ena ankachita kuwayembekezera, popeza panalibenso wina wolowa m'nyumbamo dzuwa likalowa.

Ndiye Lachinayi lija anakhala pa mpando, kandulo ikuyaka pa tebulo. Chitseko chathabwa anachisiya chotsegula kuti kamphepo kazilowa. Chotseka chinali cha zitsulo chokha. Cha m'ma seveni Marvellous anaimba foni monga mwa nthawi zonse.

"Mwadya?"

"Ndadya."

"Mankhwala?"

"Ndathira."

"Asilikali anu aja afika?"

"Achedwa lero. Mwina mvula."

Mwana anaseka, nawafunira usiku wabwino. Foni itaduka, nyumba inabwerera mwakale.

Cha m'ma eyiti anadutsa amayi a mabeseni. Khosi la Penshoni linali lofewa. Tianthu ta kaki tinaguba n'kupita. Kunja achule ankalira m'ngalande.

Kenaka anaona munthu ataima pakhonde.

Anali mzimayi. Anavala bulauzi yoyera ya Umanyano, ija amavala amayi a mpingo, siketi yakuda ndi duku loyera. Anaima chofulatira, akuyang'ana kumsewu.

A Dzimbiri anaphethira. Sanachoke. Anayendetsa maso kumanzere, kumanja. Anali pomwepo, pafupi ndi mzati. Phewa lake lamanzere linali lotsikirapo kuposa linzake.

Phewa limenelo ankalidziwa.

M'chaka chonsecho, anandiuza, ubongo wawo unawatulutsira nkhope zosawerengeka, koma sunawatulutsirepo NyaMhone ngakhale kamodzi. Ankachita kupempha. Sunalole.

Anatsitsa dzanja.

Khosi linali lolimba ngati mtengo.

Kenaka anamva mchira ukumenya mwendo wa mpando. Pha. Pha. Pha.

Penshoni anali atakalamba, ndipo podzuka ankayamba waganiza kaye. Usiku umenewo anangoti nyamu. Anathamangira kuchitseko n'kuyamba kulira kakulira kena ka pakhosi, kamene ankalirira munthu mmodzi yekha, akamakwera chitunda kuchokera kumsika beseni lili pamutu. Zaka ziwiri a Dzimbiri anali asanakamve.

"Penshoni, gona."

Galu anakanda chitsulo.

"Ndani ali apo?"



Mzimayi uja anatsika masitepe a khonde, osacheuka.

Mawu a Marvellous anawakumbukira bwino lomwe. Anadziwa kuti akangoponda kunja akhoza kutaya nyumba, mpando, ndi galu yemwe. Koma lamulo analiika okha: galu akavomera, ndiye kuti munthu alipo. Chaka chathunthu lamulolo linawasunga ndi moyo. Akanalikana bwanji usiku umodzi wokhawo umene linanena zomwe mtima wawo unkafuna?

Anamanga chingwe m'khosi mwa galu. Anatsegula. Ndodo anaiwala, juzi anaiwala, anatuluka ndi patapata.

Kunja kunalibe mwezi. Kwa munthu wa maso abwino unali mdima. Kwa iwo kunalibe kanthu konse, kupatula bulauzi yoyera ija, ikuyenda patsogolo, mapazi ngati khumi kuchokera pomwe anali. Chingwe chinkakoka. Iwo ankatsatira.

Kanjira kotsikira kumsewu n'kotsetsereka, ka miyala, ndipo pakati pake pamakhala thabwa lowolokera ngalande yakuya. Mapazi ofika pathabwapo ankawadziwa pamtima. Atatsala asanu, bulauzi ija inakhotera kumanja, kudzera m'munda wa chinangwa wa aneba. Galu anakhota. Iwonso anakhota. Masamba onyowa ankawamenya kumaso. M'mawa mwake ndi pomwe anamva kuti thabwa lija linali litapita ndi mvula ya masana.

Anafika pamsewu. Analunjika kutauni.

Sanakumane ndi munthu. Agalu a m'nyumba za m'mbali, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, usiku umenewo sanauwe. Ankangomva patapata wawo, zikhadabo za Penshoni pa miyala, ndi kupuma kwawo. Anatchera khutu kuti amve mapazi ena patsogolo. Panalibe.

"NyaMhone," anaitana chapansipansi.

Bulauzi inangopitirira.

Akachedwa, inkachedwa. Akafulumira, inkafulumira. Pa chitunda china miyendo inawalemera, naima kuti apume. Nayo inaima. Mapazi khumi aja sanachepe, sanachuluke.

Anadutsa mashopu otseka. Anamva fungo la makala a mbaula ya mlonda, kenaka fungo la dizilo, la usipa ndi la zingwe zonyowa. Anadziwa kuti afika kudoko, cha kumbali kumene amakwezera katundu m'maboti. Pansi panasintha, panakhala mchenga. Mzimayi uja anatsika, natsikabe, kenaka anaima.

Madzi ozizira anakhudza zala za a Dzimbiri.

Anaima.

Mzimayi uja anali chapatsogolo, pamalo poti madzi akanamulekeza m'chiuno, koma ankaoneka yense mpaka kumapazi. Madziwo sankachita phokoso pomuzungulira. Chingwe chinkakokabe.

Pamenepo, akuti, ntchito yawo yakale inawabwerera m'mutu. Anakumbukira agalu okalamba amene anthu ankabwera nawo ku ofesi. Wina wongoyang'ana khoma tsiku lonse. Wina wosochera pabwalo pakwawo pomwe. Wina wopukusira mchira pakhomo popanda munthu. Eni ake ankati agaluwo akuona mizimu. Iwo ankawauza kuti ubongo wa galu nawo umakalamba. Penshoni anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Chaka chonsechi iwo anali atatsamira pa mutu wokalamba chimodzimodzi ndi wawo. Mwina pamchengapo panangoima nkhalamba ziwiri, iliyonse ikukhulupirira inzake.

Anayesa komaliza.

"Agatha. Ngati ndinu, tandiyang'anani. Ndatuluka usiku wopanda juzi. Ndaponda matope ndi patapata. Ndikalipireni."

Anadikira.

NyaMhone amene iwo ankawadziwa sakanayenda mtunda wonsewo, kuchokera kunyumba mpaka kudoko, osatulutsa mawu. Akanadandaula za msewu, za magetsi, za aneba amene sapalira chinangwa. Uyu anangoima, nkhope kunyanja.

A Dzimbiri anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, nakhala pansi, nakulunga chingwe m'dzanja kawiri.

"Ambuye," anatero, "ngati ndi wanu, musungeni. Ngati ndi wa m'mutu mwanga, muchotseni. Ine m'madzi sindilowa."

Galu anakoka, analira, anakokanso. Chingwe chinawasupula khungu la m'dzanja, koma sanachitaye. Kenaka chinakhwefuka. Penshoni anabwerera yekha, nagona pambali pawo. A Dzimbiri atakweza maso, pamadzi panalibe kanthu.

Anaika dzanja pa khosi la galu. Mutu wake unali utapendekera mbali inayo, kumene kunalibe munthu, monga ankachitira wina akamamukanda kuseri kwa khutu. Mchira unkamenya mbali ya bwato limene linali pamtunda. Pha. Pha. Pha. Patapita nthawi unayamba kumenya motalikitsa. Kenaka unasiya.

Njira yobwerera sakanaitha okha. Anakhala pomwepo, dzanja lili pakhosi, mpaka khosilo linazizira.

Kutayamba kuyera, a Watson anawapeza.

"Ada Dzimbiri! Mwayuka uli? Kodi mwagona pano?"

"Ine ndadzuka, a Watson. Mnzangayu ndiye ayi."

Asodzi ndi amayi ogula usipa anasonkhana. Wina anawafunditsa chitenje. Wina anajambula ndi foni. Dzuwa lisanakwere, Marvellous anali atamva kale.

Anafika tsiku lomwelo madzulo, ndi galimoto, monga ananenera. Anapeza bambo ake atakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mango, pamene aneba anawathandiza kukumba kadzenje. Analowa pampanda atakonzekera mkangano, koma ataona dothi latsopano lija anangofunsa mofatsa.

"Adadi, munatsatira chiyani?"

Akanatha kunena kuti galu anathawa, iwo n'kumulondola. Mwina mwana akanawamvera chisoni n'kuwasiya. Anandiuza kuti bodzalo linafika mpaka pa lilime.

"Ndinatsatira amayi ako," anatero.

Marvellous anakhala pansi pomwepo, pa dothi, ndi zovala zake za ku ofesi.

"Longedzani, adadi."

"Ndilongedza. Popanda iyeyu, azindiuza ndani amene waima pakhomo?"

Asananyamuke anapitanso kuchipatala. Mayi Olivia anamvetsera nkhani yonse, monga poyamba paja, osaseka.

"Makutu a galu amamva zakutali kuposa athu," anatero. "Mwina anamva sitima ikulira ikadali kutali, n'kukumbukira tsiku la bokosi lija. Thupi lake linasintha, ndipo inu munamva kusinthako musanazindikire kuti mwamva. Ubongo umalandira zambiri zimene suuza mwini wake. Ndiye unatenga munthu amene mumamufuna kwambiri, n'kumuika pomwe galu ankayang'ana. Inu munkati galu akutsatira mayi. Mwina ndi inu amene munkatsatira galu."

"Zikumveka," anatero a Dzimbiri. "Ine ndemwe ndikanamuuza munthu chimodzimodzi. Koma linali Lachinayi, adokotala. Lachinayi sitima imakhala kutali, kummwera."



"Mwina boti lina," anatero mayi Olivia. Sanaumirire.

A Watson nkhani yawo ndi yaifupi, ndipo sakonda kuifotokoza. Usiku umenewo anali atakhala pa benchi, miyendo atatambasulira pa kanjira kopapatiza kotsikira ku maboti.

"Ndinangoona ndapinda miyendo," anandiuza, "ngati mmene timachitira mzimayi akafuna kudutsa. Nditakweza mutu, palibe munthu. Patapita kanthawi ndi pomwe akutulukira galu, pambuyo pake madala aja. Galuyo sankanunkhiza pansi ayi. Ankayang'ana m'mwamba, apa." Analoza cha pa phewa.

Ndinawafunsa ngati anaona wina aliyense.

"Ine sindinaone munthu. Miyendo ndiyo inaona."

Ndinawafunsanso chifukwa chimene sanawatsatire madalawo, popeza ankadziwa kuti saona. Anayang'ana pansi.

"Miyendo yomweyo inakana. Chiuta andikhululukire."

Kumsika ndi pa mipopi anthu amanong'onezana kuti NyaMhone anatopa kukhala okha ku Usisya, ndipo anabwera kudzatenga mmodzi. Mwamuna atakana, anatenga galu. Ena amati ayi, sanabwere kudzatenga mwamuna, anangobwera kudzatenga galu wawo amene nthawi yake inali itakwana, n'chifukwa chake anawalambalalitsa pa ngalande paja. Enanso amati nkhalamba ziwiri zinangosochera. Ine sindikudziwa. Ndimangowapempherera onse, amoyo ndi ogona.

Tinapita kukatsanzikana nawo Lolemba m'mawa, tili anthu asanu. Katundu anali kale m'makatoni. Msomali wa kapu unali wopanda kanthu. Panangotsala mpando uja wa pafupi ndi khomo, ndipo anali atakhalapo. Anafotokoza zonsezi mosafulumira, mawu awo osakwera, osatsika. Titaganiza kuti amaliza, anawonjezera.

"Usiku wathawu amayi a mabeseni anadutsa. Ndinaiwala. Ndinatsitsa dzanja."

"Ndiye?" anafunsa a Gibson.

"Panalibe kanthu. Mphepo yokha. Koma ndisanalibweze, ndinamva mwendo wa mpandowu. Katatu."

Mayi wina wa m'gulu lathu ananena mofatsa kuti mwina ndi fayilo ina yakale.

"Mwina," anatero a Dzimbiri. "Kungoti tsiku loyamba lija adokotala anandifunsa ngati alendo anga amamveka. Samveka."

Tinaimba nyimbo imodzi, kenaka tinawerama kupemphera. Kunja Marvellous ankauza dalaivala mmene aikire matiresi. Ine ndinatsegula maso pemphero lisanathe. Dzanja lamanja la a Dzimbiri linali likulendewera pambali pa mpando, zala zikuyenda pang'onopang'ono, cha pomwe pamakhala kuseri kwa khutu.